Kukonza zolunjikira pa mfuti ya gogodera yosakira mbawala ku America

Khirisimasi ikangodutsa, alenje a m'chigawo cha Pennsylvania ku America amalowa m'nkhalango atanyamula mfuti zomwe kwathu timati gogodera, zija mumathira wonga ndi chipolopolo kukamwa n'kutsindira ndi ndodo. Nyengo yosaka ndi mfuti zimenezi inayamba mu 1974, ndipo yololedwa ndi ya flintlock yokha, ija yoti mwala ukhule chitsulo kuti moto uthetheke. Galasi lokuza zinthu, lomwe iwo amati scope, n'loletsedwa. Mlenje amatsala ndi tizitsulo tiwiri pamwamba pa mpope wa mfuti: kampeni kakutsogolo, pafupi ndi kukamwa, ndi kampata kakumbuyo koyang'aniramo. Tiwiri timeneti ndi tomwe ndizititcha zolunjikira.

Nyama yake ndi whitetail. Msinkhu wake umaposa gwape wathu patali, ndiye ndiziitcha mbawala, poti ndi yomwe ikuyandikirako. Imakonda kuyenda m'bandakucha ndi madzulo kuli kachisisira, ubweya wake m'nyengo yozizira ndi wotuwa ngati makungwa a mitengo yomwe yaimapo, ndipo apa m'pamene pagona vuto. Zolunjikira zomwe zimabwera ndi mfuti kuchokera ku fakitale zimaoneka bwino masana, pa pepala loyera la chandamale. Ikamakwana 5 koloko madzulo mu Disembala, pansi pa mitengo, kampeni kakuda kamangosowa pa nthiti ya nyama. Choncho ntchito yonse yomwe ndifotokoze pano cholinga chake n'chimodzi: zolunjikira zigwirizane ndi diso lanu lenileni, pa kuwala komwe mudzawomberepo.

Gogodera zomwe zinafika kwathu ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800 zambiri zinali za mpope wosalala m'kati. Izi za ku America zili ndi mizere yozungulira m'kati mwa mpope, yomwe imapota chipolopolo kuti chiyende molunjika. Zambiri mwa izo zimatengera mfuti zomwe Jacob ndi Samuel Hawken ankasula mumzinda wa St. Louis, monga Hawken ya kampani ya Thompson/Center yomwe inatuluka mu 1970, ndi Great Plains Rifle ya Lyman. Mfuti zotere zimatha kuika zipolopolo malo amodzi pa mamita 50 mosavuta. Zikamaphonya, kawirikawiri wolakwa ndi diso.

Musanagwire tupa

Yambani ndi kabuku ka malamulo a chaka chimenecho, ka chigawo chomwe mukasakeko. Ku Pennsylvania amakatulutsa a Pennsylvania Game Commission. Chigawo chilichonse chili ndi zake: ku Colorado scope ndi chilichonse choyendera batire n'choletsedwa m'nyengo ya gogodera, koma penti wowala ndi timinga ta fiber optic, tapulasitiki totola kuwala, amalola. Malamulowa amasintha, ndipo n'zowawa kuboola mfuti, kumangirira chitsulo chodula, kenako n'kumva kuti sachilola.

Chachiwiri, tsimikizani kuti mfuti ilibe kanthu. Gogodera simungaitsegule kumbuyo n'kusuzumira. Lowetsani ndodo yotsindira mpaka igunde pansi, gwirani ndi chala pomwe yalekezera pakamwa, itulutseni, ndipo muiyerekeze kunja kwa mpope. Nsonga yake ifike pafupi ndi kabowo kolowera moto. Ikaperewera ndi masentimita angapo, m'katimo muli wonga ndi chipolopolo, mwina za chaka chatha, mwina za mwini wake wakale. Ikakhala yopanda kanthu, lembani mzere pa ndodoyo kuti muzidziwa nthawi zonse.

Mfuti iyambe yasonkhanitsa zipolopolo

Anthu ambiri amalumpha gawo ili, n'kutha Loweruka lathunthu akugogoda zolunjikira uku ndi uku pomwe vuto lili pa wonga kapena nsalu. Simungasunthe gulu la zipolopolo zogwera malo amodzi ngati gululo kulibe. Ndiye musanasinthe kanthu, pezani muyezo womwe mfuti yanu imaukonda.

Pa mfuti ya .50, ya mpope wa theka la inchesi m'kati, poyambira pabwino ndi chipolopolo chozungulira cha mtovu cha mainchesi 0.490, cholemera pafupifupi magalamu 11.5, chokulungidwa m'kansalu ka thonje kopaka mafuta, kokhuthala mainchesi 0.015 mpaka 0.018. Wonga ndi wakuda, wa FFg kapena FFFg (zilembo zosonyeza kukula kwa timibulu take), ndipo alenje ambiri amathera pakati pa ma grain (muyezo wa wonga) 70 ndi 90 poyeza ndi kachoyezera. Kabuku ka mfuti yanu kali ndi malire ake, musawapyole. Wonga wa mfuti zamakono, uja wosafuka utsi, usayandikire n'komwe, chifukwa umaphulitsa mpope. Ndipo wonga muzithira kuchokera m'kachoyezera, osati molunjika kuchokera m'botolo lake, poti m'mpope mutha kutsala kakhala koyaka.

Khalani pa benchi, mfuti itsamire pa thumba la mchenga, chandamale pa mamita 25 kaye kenako 50. Wombani katatu kapena kasanu mukuloza malo amodzimodzi, osasamala komwe zikugwera. Pukutani mpope mofanana pakati pa kuwomba kulikonse. Tolani tinsalu tomwe tagwa patsogolo panu: kansalu kong'ambika kapena kopsa pakati kakukuuzani kuti n'kopyapyala kwambiri kapena mafuta achepa, ndipo zipolopolo zizingomwazika ngakhale zolunjikira zikhale za golide. Onjezerani wonga ma grain 5 nthawi iliyonse mpaka gulu lithinane. Mukafika poti zipolopolo zisanu zikukwana pachikhatho pa mamita 50, lembani muyezowo ndipo musausinthenso. Mukadzasintha wonga, ntchito ya zolunjikira idzayambiranso.

Funsani diso lanu

Diso silingaone bwino zinthu zitatu zotalikirana nthawi imodzi. Kampata kali pafupi, kampeni kali patsogolo, nyama ili kutali. Mnyamata amadumphadumpha pakati pa zitatuzi mwachangu osazindikira n'komwe. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kufooka, zapafupi zimachita chimbuuzi, ndipo choyamba kusowa ndi kampata kakumbuyo. Ngati foni mwayamba kuigwirira patali powerenga, nkhaniyi ndi yanu.

Choyenera kuoneka bwino kwambiri ndi kampeni kakutsogolo. Kampata ndi nyama zitha kuchita kachimbuuzi pang'ono, palibe vuto.

Dzuwa likangolowa, tulukani panja ndi mfuti yopanda kanthu ija, pamalo poti simuopseza anthu, ndipo muloze katoni yakhaki yomwe mwaiika pamthunzi mamita 40 kapena 50. Katoni imafanana ndi ubweya wa mbawala kuposa pepala loyera. Onani chomwe chikuyamba kusowa. Ngati kampeni kakusungunuka pa katoni, vuto ndi mtundu wake kapena kuonda kwake. Ngati kampeni mukukaona koma simukuona kuwala mbali zake ziwiri, kampata n'kopanikiza. Ngati kampata kakuoneka kawiri kapena ngati ubweya, kali pafupi kwambiri ndi diso. Lililonse mwa mavutowa lili ndi mankhwala ake, ndipo ndi bwino kuyamba ndi omwe mungathe kubweza mukapanda kuwakonda.

Zotchipa, zobwezeka

Mwaye wa kandulo kapena wa machesi ndi wakale kwambiri, koma palibe penti wakuda woposa iwo. Fukizani kampata kakumbuyo kuti kasanyezimire. Chitani izi mfuti ili yopanda kanthu ndipo wonga uli kutali. Kampeni kakutsogolo kadonthezereni penti woyera kunkhope yoyang'ana kwa inu, ndipo akauma, ngati mukufuna, pakani kyutekisi wa olenji pamwamba pake. Woyera wapansiyo ndi amene amachititsa kuti olenji awale. Kukagwa chipale chofewa, woyera yekha amasowa, olenji amaonekabe.

Magalasi nawonso yesani. Owerengera wamba amakhala amphamvu kwambiri, amakuonetsani kampata bwinobwino n'kukubisirani nyama. Ofooka, a +0.75 kapena +1.00, ambiri amawathandiza kuona kampeni popanda kutaya chandamale. Njira ina ndi kumata katepi kakuda koboola kabowo kakang'ono pa galasi, pomwe diso limayang'anira polunjika. A kampani ya Merit anapanga kachipangizo komata pa magalasi komwe kabowo kake kamakula n'kuchepa. Masana zimathandiza kwambiri, koma madzulo kabowo kakang'ono kamadya kuwala komwe mukukufuna. Mulimonsemo, pa flintlock magalasi muzivala basi, chifukwa moto ndi tizidutswa ta mwala zimathetheka pafupi ndi nkhope.

Ngati izi zakwanira, lekerani pomwepa, pitani pa gawo la masamu.

Kampata kakumbuyo

Mfuti zambiri za mtundu wa Hawken zimabwera ndi kampata ka buckhorn, kokhala ndi nyanga ziwiri zopindikira m'kati. Pakhoma zimakongola. M'tchire ine sindizifuna. Nyangazo zimabisa theka la nyama, ndipo munthu akatengeka mtima amaika kampeni pakati pa nyanga m'malo mokatsitsa m'kampata, chipolopolo n'kudutsa pamwamba pa msana. Chotsani chitsulocho pa mfuti, chimangeni mu vaisi, dulani nyangazo ndi tupa mpaka pamwamba pakhale mzere wowongoka. Mzere wowongokawu umakuthandizaninso kuona ngati mwapendeketsa mfuti.

Tsopano kulitsani kampata. Tengani katupa kakang'ono, kaja ka osula ndolo, ndipo mupale mbali zonse ziwiri mofanana, kuwerenga: katatu kumanzere, katatu kumanja. Mukapala mbali imodzi yokha mwasuntha pakati pake, ndipo mfuti iyamba kuwombera kumbali. Bwezerani pa mfuti, ikani paphewa, yang'anani. Mukufuna kuti mbali iliyonse ya kampeni pazioneka kuwala kokwana ngati theka la kunenepa kwa kampeniko. Kwa munthu wozolowera kampata kopyapyala ngati tsitsi zimaoneka ngati mwaononga, koma diso limadziwa lokha kulinganiza mizere iwiri ya kuwala, bola kuwalako kukhalepo. Kampata ka makona anayi kapena kooneka ngati U kamaposa ka V, chifukwa mu V simudziwa kuti kampeni kamire mpaka pati. Kunkhope yoyang'ana kutsogolo, pendeketsani m'mphepete mwa kampata kuti diso lizikumana ndi mpeni umodzi wakuthwa, osati kanjira kakatali konyezimira. Pomaliza detsani pomwe mwapalapo ndi mankhwala a cold blue kuti pasachite dzimbiri.

Ngati kampata kakuchitabe chimbuuzi, kasunthireni kutsogolo. Akale ankachita zomwezi: pa mfuti zina zakale za ku Pennsylvania mumapeza mpata wakale wotsekedwa ndi kachitsulo, kampata katasamukira kutsogolo, nthawi zina kawiri, mwini wake akamakalamba. Musanadule chilichonse, matani kampata pa mpope ndi tepi kapena kamaginito, n'kumakasuntha pang'onopang'ono mpaka kaoneke bwino. Chitani izi mutavala jekete lomwe mudzasakire, chifukwa zovala zokhuthala zimasintha pomwe tsaya limakhala. Onaninso kuti malo atsopanowo asakhale penipeni pomwe dzanja limagwira ponyamula mfuti, apo ayi kadzakudulani chikhatho tsiku lonse. Mtunda wa pakati pa zolunjikira ufupika, inde, koma pa mpope wa masentimita 81 ngati wa Great Plains Rifle muli ndi malo okwanira. Kudula mpata watsopano pa mpope, ngati simunachitepo, perekani kwa wokonza mfuti. Mpata wozama kwambiri umafooketsa mpope.

Kampeni kakutsogolo, ndi kagogodedwe kake

Kampeni kamakhala m'mpata wopingasa wotchedwa dovetail, wotambalala pansi n'kupanikiza pamwamba ngati mchira wa nkhunda. Palibe sikuluwu, kamangogwira chifukwa chothina. Pa mfuti za ku America mpatawu kawirikawiri ndi 3/8 ya inchesi. Zopangidwa ku Italy ndi ku Spain zimasiyanako pang'ono, choncho yezani wanu musanaitanitse. Masitolo ngati Track of the Wolf ku Minnesota ndi Dixie Gun Works ku Tennessee amagulitsa timipeni tamitundumitundu, ndipo amalemba miyezo yake.

Gulani kataliko kuposa komwe mukuganiza. Kakatali mudzakapala, kakafupi simungakawonjezere. Kunenepa kwake, timipeni takale tasiliva tinkakhala toonda kwambiri, kupitirira pang'ono milimita imodzi. Posaka, ka mamilimita 2 mpaka 2.5 n'komwe diso lotopa limakapeza msanga.

Mangani mpope mu vaisi, mutaika chikopa kapena timatabwa mbali zonse. Pa Hawken n'zosavuta, chifukwa mukatulutsa ndodo yotsindira ndi kachitsulo kopingasa kogwira mpope, mpope umangozuka. Matani tepi mozungulira mpata kuti musakande. Gwiritsani ntchito kachitsulo kogogodera ka bulasi, osati msomali kapena sikuludiraiva, ndipo mukaike patsinde la kampeni, osati pa mpeni weniweniwo. Mwambo wake ndi uwu, mutaima kumbuyo kwa mfuti kuyang'ana kukamwa: potulutsa, gogodani kuchokera kumanzere kupita kumanja, polowetsa, kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Katsopanoko kawirikawiri sikalowa. Apa lamulo ndi limodzi: palani kampeni, mpope muusiye. Kampeni n'kotchipa. Yalani sandipepa kapena tupa yosalala pa tebulo, khulani pansi pa tsinde lake kangapo, yesani. Kakamalowa ndi chala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata, kotsalako malizani ndi hamala yaing'ono. Mukapyola muyezo kakayamba kugwedera, ikani kachidutswa ka chitini chopyapyala pansi pake, kapena khomani timadontho pansi pa tsinde lake ndi kachitsulo kosongoka kuti chitsulo chitukumuke.

Pa za mtundu wa chitsulo, chitsulo choyera chotchedwa German silver ndi bulasi zimagwira kuwala kochepa bwino. Mukamaliza kulinganiza mfuti, palani ngodya yapamwamba yoyang'ana kwa inu kuti ipendekeke madigiri 45, kuti izitola kuwala kwa kumwamba. M'nkhalango yamdima kamaoneka ngati kanyenyezi. Koma walira mvula walira matope: dzuwa likakhala kumbali, mbali imeneyo imanyezimira kwambiri, diso limatenga kunyezimirako ngati pakati, ndipo chipolopolo chimathawira mbali yomwe kulibe dzuwa. Kamkanda kozungulira, konga kamene kamabwera pa mfuti zina za fakitale, ndiko koipitsitsa pa zimenezi. Nkhope yafulati imachepetsa vutoli, ndipo masana owala mutha kungokadetsa ndi cholembera chakuda.

Timinga ta fiber optic, monga Fire Sights ya kampani ya Williams, timawala kuposa zonsezi m'kachisisira. Ndikuvomereza. Komabe timathyoka mukakola nthambi, masana timawala mopitirira mpaka kuphimba malo omwe mukufuna kulasa, ndipo pa mfuti ya mtundu wa 1840 timaoneka ngati munthu wovala suti ndi patapata. Ngati maso anu afika poti ndi tokhato tomwe mukuona, ikani, nyama ife mwachangu, za kukongola zitsale. Sankhani kaminga koonda, ndipo ikani kutsogolo kokha. Madontho atatu owala, awiri kumbuyo limodzi kutsogolo, amasokoneza.

Kabowo pafupi ndi diso

Kwa munthu wa zaka 50 kupita m'tsogolo, chosintha zinthu kwambiri ndi peep: kachitsulo koboola, komangidwa kumbuyo kwenikweni pafupi ndi diso. Simukayang'ana, mumangoyang'aniramo. Diso lokha limaika kampeni pakati pa bwalo la kuwala, ndiye mwa zinthu zitatu zija zatsala ziwiri, kampeni ndi nyama. Mtunda wa pakati pa zolunjikira umatalikanso, zomwe zimachepetsa kuphonya. Si zachilendo monga ena amaganizira: William Lyman anayamba kampani yake ku Middlefield, Connecticut, mu 1878 ndi cholunjikira cha mtundu womwewu.

Peep ya Lyman 57 SML anaipangira mfuti za mtundu wa Hawken, ndipo 57 GPR ndi ya Great Plains Rifle. Zimakhala pa tang, kachitsulo kaja kotsalira pa thabwa kumbuyo kwa mpope. Nthawi zambiri pamafunika kuboola bowo limodzi ndi kulidula mazinga, mwinanso kusema thabwa pang'ono. Bowolo likapendekeka, cholunjikira chonse chipendekeka, choncho iyinso ndi ntchito ya wokonza mfuti ngati mulibe makina oboolera oima. Zilipo zina zazing'ono, zopanda timagudumu tosinthira, zomwe sizisokoneza maonekedwe a mfuti.

Zinthu zitatu zoti mudziwe. Peep imabwera ndi kambale ka kabowo kakang'ono, kabwino pa mpikisano. Posaka kamasuleni, muyang'anire m'bowo lalikulu lotsalalo, lomwe alenje amati ghost ring chifukwa m'mphepete mwake mumangooneka ngati mthunzi. Bowo la mamilimita 3 mpaka 5 ndilo la m'nkhalango. Chachiwiri, peep kawirikawiri imakhala pamwamba kuposa kampata kakale, ndiye imafuna kampeni katali, ndipo kampata kakale kachotseni kasatseke njira. Chachitatu, pa Hawken mpope umangokoleka pa tang ndi kangowe, kutanthauza kuti peep ili pa chitsulo china, kampeni pa china. Mpope ukamagwedera m'thabwa, kapena kachitsulo kopingasa kaja kakakhala kolobodoka, mfuti izisintha powombera nthawi iliyonse mukaitsuka. Konzani zimenezo kaye.

Ngati mumapita ku mipikisano, monga ya bungwe la owombera gogodera la NMLRA ku Friendship, Indiana, kumbukirani kuti mipikisano ina imafuna zolunjikira zotseguka zokha. Peep yochotseka imakupulumutsani.

Masamu a tupa

Kampata kakumbuyo kamapita komwe mukufuna chipolopolo chipite. Kampeni kakutsogolo kamapita mbali yosiyana. Mfuti ikamawombera kumanzere, gogodani kampata kupita kumanja, kapena kampeni kupita kumanzere. Ikamawombera pansi, palani kampeni kafupike. Ikamawombera pamwamba, mufunika kampeni katali kapena kutsitsa kampata, n'chifukwa chake ndinati mugule kakatali: mfuti iyambe ndi kuwombera pansi, inu muziikweza ndi tupa.

Kuchuluka kwake musalote. Yezani mtunda wa pakati pa zolunjikira ziwiri, chulukitsani ndi kukula kwa kuphonyako, gawani ndi mtunda wa chandamale, zonse mu muyezo umodzi. Tinene kuti zolunjikira zatalikirana masentimita 60, chandamale chili pa mamita 50, omwe ndi masentimita 5,000, ndipo pakati pa gulu lanu pali masentimita 10 pansi pa pomwe mumaloza. 10 kuchulukitsa ndi 60 ndi 600, kugawa ndi 5,000 ndi 0.12. Ndiye kuti muchotse mamilimita 1.2 okha. Pa mfuti imeneyi milimita imodzi ikusuntha chipolopolo masentimita opitirira 8. Mukaona manambala amenewa mumvetsa chifukwa chake anthu ambiri amaononga kampeni koyamba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotsani theka la zomwe masamu anena, wombani katatu, yezaninso kuchokera pakati pa gulu, osati pa chipolopolo chomwe chakusangalatsani. Phimbani mpope ndi tepi ndi kakatoni popala, tupa igone mowongoka kuti pamwamba pa kampeni pasapendekeke, ndipo muzipala mfuti ili yopanda kanthu. Za kumanzere ndi kumanja, lembani kamzere ka pensulo podutsa tsinde ndi mpope musanagogode, kuti muone ngati kasunthadi. Mukapeza kuti kampata kapita kumbali kwambiri mpaka kakuoneka konyansa, gawani: theka kumbuyo, theka kutsogolo mbali inayo. Tsiku lamphepo musapale kanthu, chifukwa chipolopolo chozungulira chimatengeka ndi mphepo kwambiri.

Sankhaninso kalozedwe kamodzi. A mpikisano amakonda kuika kampeni pansi pa bwalo lakuda, chipolopolo n'kumagwera pamwamba pake. Mbawala ilibe bwalo lakuda. Linganizani kuti chipolopolo chizigwera pansonga penipeni pa kampeni kapena pamwamba pake pang'ono. Ndi muyezo wamba wosakira wa .50, mukaika gulu masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa mamita 50, mukhala pafupi ndi pakati cha pa mamita 70, ndipo pa mamita 90 chipolopolo chayamba kugwa moonekera. Izi muzitsimikize ndi mfuti yanu pa mtunda uliwonse, chifukwa wonga ndi kutalika kwa mpope zimasiyana.

Kumbukirani kuti chipolopolo cholasa nyama chimatuluka mu mpope woyera ndi wozizira. Mfuti zina zimaika choyambacho padera ndi zotsatira. Tsiku lina bwerani ndi mfuti yotsukidwa, pukutani mafuta m'mpope monga mudzachitire m'mawa wa tsiku losaka, wombani kamodzi. Bwerezani masiku awiri kapena atatu pa pepala lomwelo. Ngati zoyambazo zili ndi malo awoawo, zolunjikira zitsatire zimenezo.

Zonse zikakhala m'malo, khomani kachizindikiro kakang'ono kodutsa tsinde la cholunjikira ndi mpope, kutsogolo ndi kumbuyo. Mfuti ikadzagwa pa ayezi kapena kugunda chitseko cha galimoto, mudzangoyang'ana n'kudziwa ngati china chasuntha.

Mayeso a mbale

Chokani pa benchi tsopano. Malo a mtima ndi mapapo a mbawala ndi aakulu ngati mbale ya pepala, masentimita 20 kapena kupitirirako pang'ono. Dulani katoni yakhaki kukula ngati chifuwa cha nyama, jambulani bwalo la mbale ndi pensulo moti lisaoneke muli patali, ndipo muwombe mutavala jekete ndi magolovesi, mutakhala pansi kapena mutatsamira mtengo monga mudzachitire. Ku Pennsylvania nthawi yosaka imayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke n'kutha mphindi 30 litalowa, ndiye yesani pa kuwala kotere ngati bwalo lowomberapo likulola, apo ayi tsiku la mitambo yakuda.

Yambani pa mamita 30. Zisanu zonse zikalowa m'bwalo, bwererani mamita 10. Pitirizani mpaka chimodzi chituluke. Mtunda womaliza womwe zonse zinalowa ndiwo malire anu a chaka chino. Kwa ambiri umagwera pakati pa mamita 50 ndi 70, ndipo madzulo kwenikweni umafupika kuposa apo. Ulembeni pa katepi pamodzi ndi muyezo wa wonga, mumate m'kati mwa chivundikiro cha thumba la zipolopolo, ndipo chaka chamawa mwezi wa Novembala mudzabwerenso ndi katoni ina, chifukwa diso lidzakhala litasinthanso.